Funsani Azakhali: Mwana wanga akungofuna bere, phala akulavula

Azakhali, ndithandizeni ine mutu waima. Mwana wanga wamkazi ali ndi miyezi 8, ndi woyamba. Ndinamuyamwitsa bere lokha mpaka miyezi 6 ngati mmene anatiuzira kusikelo, nde chiyambireni kumupatsa phala zinthu sizikuyenda olo pang'ono. Akangoona supuni amatseka pakamwa nkutembenukira kumbali, ndikati ndakwanitsa kulowetsa amalikankha ndi lilime lonse nkuthera pachibwano, pa tsiku mwina amameza masupuni awiri kaya atatu basi kenako kulira kufuna bere. Usiku amayamwa mwina ka 5. Apongozi anga akuti ndikumulekerera, akuti ndizimugwira manja nkumamumwetsa afune asafune, ena akuti ndimumane bere kuti njala imuwawe adya yekha. Dzulo ndinayesadi kumukakamiza analira mpaka kusanza, inenso ndinangokhala pansi nkumalira. Mwana wa mnzanga wa miyezi yomweyi amamaliza kambale konse. Kusikelo akuti thupi likukwera bwino koma ine mtima suli mmalo. Ndikulakwitsa pati?
Mayi wa mwana mmodzi

Mwana wanga, pukutani misozi kaye. Mawu ofunika kwambiri mukalata yanu mwawalemba kumapeto ngati osafunika, oti kusikelo akuti thupi likukwera bwino. Mwana amene mzere wake pakhadi ukukwera, akunyowetsa matewera, akusewera, akukuzindikirani nkumaseka, ameneyo sakufa ndi njala ayi. Akukhuta, kungoti akukhutira bere. Ndipo pa msinkhu wakewo palibe chachilendo, chifukwa kuyambira miyezi 6 mpaka 12 mkaka wa m'mawere umathabe kumupatsa mwana theka kapena kuposa theka la mphamvu zimene thupi lake likufuna pa tsiku. Ndiye amene akukuuzani kuti mumumane bere aja musawamvere. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa kuti mwana aziyamwa mpaka zaka 2 kapena kupitirira, chakudya china chimangobwera kudzawonjezera pa bere, sichibwera kudzalichotsa. Mukamumana lero muli ndi mwana yemwe sadya phala komanso sakuyamwa, nde mwapindula chani.

Zomugwira manja nkumamuthira phala mkamwa akulira, apa ndiye ndikukanitsitsa, ndipo apongozi anuwo muwafotokozere mwaulemu koma musagonje. Iwo sakunena mwankhanza, akuda nkhawa ndi mdzukulu wawo ngati mmene mukuchitira inu, koma njirayo ndi yoopsa. Mwana akamalira amakoka mpweya mwamphamvu, ndiye phala lili mkamwa limatha kulowera kunjira ya mpweya nkukafika kumapapo, mapeto ake kutsamwa kapena chibayo. Chachiwiri chimene anthu sachiona msanga nchoti mwana amasunga. Akaona supuni nkukumbukira kuti dzulo inabwera ndi kupanidwa manja, mawa atseka pakamwa supuni isanafike nkomwe. Mwaona kale dzulo mmene zinathera. Musadziimbe mlandu, munachita poti mumamukonda, koma lisabwerenso tsiku ngati limenelo.

Tsopano ganizirani mmene zilili kwa iyeyo. Miyezi 6 yathunthu wakhala akudziwa chinthu chimodzi, kuyamwa, ndipo kuyamwa ndi kudya pa supuni lilime limagwira ntchito mosiyana. Kutenga chakudya kutsogolo kwa kamwa, kuchisuntha mpaka kukhosi nkumeza, zimenezi amachita kuphunzira ngati mmene adzaphunzirire kukwawa. Mwana amabadwa ndi chizolowezi chokankha ndi lilime chilichonse cholowa mkamwa, chimazilala chapakati pa miyezi 4 ndi 6 koma ena chimawachedwerako, ndiye phala lothera pachibwano lija nthawi zambiri sikuti walikana, sanadziwe pokalipititsa. Ngati anabadwa masiku asanakwane ndiye kuchedwako nkoyembekezeka ndithu. Mumuone ngati akutha kukhala tsonga mutu osagwedera, ngati akutola zinthu nkupititsa kukamwa, ngati amakutsatirani ndi maso inu mukamadya. Zimenezi zikakhalapo ndiye kuti thupi lakonzeka, chatsala nkuzolowera.

Komanso mwina mukuyembekezera zambiri kuposa zimene mimba yake ingalandire. Mimba ya mwana wa msinkhu umenewu ikadzaza kwambiri ndi pafupifupi kapu imodzi ya 250 ml basi. Malangizo a WHO amati wa miyezi 6 mpaka 8 ayambe ndi masupuni aakulu awiri kapena atatu pa chakudya chimodzi, kawiri kapena katatu pa tsiku, nkumawonjezera pang'onopang'ono mpaka kufika theka la kapu. Wa miyezi 9 mpaka 11 azidya katatu kapena kanayi, theka la kapu nthawi iliyonse. Mukaona manambala amenewa muona kuti mwana wanu wa masupuni atatuyo sali kutali ngati mmene mukuganizira. Za mwana wa mnzanu womaliza kambale zisiyeni, ana amasiyana ngati mmene amasiyanira pomera mano.

Koma pali chimodzi sindikufuna muchitenge mopepuka, poti ndakuuzani kuti mtima ukhale pansi musamve ngati ndikuti ingomusiyani mpaka adzafune yekha. Mwana amabadwa ndi ayironi wosungidwa mthupi amene anatenga ali mmimba, ndipo ameneyu amakhala akutha pofika miyezi 6, pamene mkaka wa m'mawere uli ndi ayironi wochepa kwambiri. Ayironi ndi amene amapanga magazi komanso ubongo umamufuna pokula. Choipa chake nchoti mwana akachepa magazi chilakolako cha chakudya chimatsikanso, nde amadya pang'ono, magazi nkumacheperachepera, zimangozungulira choncho. Ndiye poti wanuyo amameza masupuni atatu okha, masupuni atatuwo akhale a phindu. Phala lamadzimadzi loti mukapendeketsa supuni likuyenderera ngati tiyi limangodzaza mimba ndi madzi. Likhale lokhuthala loti likukhala pa supuni osagwa msanga, ndipo muziikamo kenakake, dzira lophika bwino lopotedwa, kachiwindi kapena kanyama kophika kofewa mwasinja, nsomba mwachotsa minga yonse, nyemba zokanya, ufa wa mtedza wosalala, kadontho ka mafuta ophikira. Malangizo atsopano amene WHO inatulutsa mu 2023 amanenetsa kuti mwana wa miyezi 6 mpaka 23 azidya nyama, nsomba kapena mazira tsiku lililonse, komanso zipatso ndi masamba tsiku lililonse. Kachipatso kokhala ndi vitamini C ngati lalanje kamathandiza thupi kutenga ayironi wa mu nyemba ndi masamba, pamene tiyi amatchinga, nde tiyi asamamwe nkomwe.

Nanga muchite bwanji kuti ayambe kutsegula pakamwa. Choyamba onani nthawi. Mwana wangotsika kumene pabere sangafune phala, wakhuta. Komanso mwana amene njala yamupweteka mpaka wayamba kulira sangafunenso phala, akufuna chimene amadziwa kuti chimamutonthoza msanga. Nthawi yabwino ndi yapakati, wayamwa papita ola limodzi kapena kuposerako pang'ono, wadzuka kutulo, ali nsangala. Mumukhazike tsonga, osati chogona pamiyendo panu, inuyo mukhale moyang'anana naye ndi mbale yanu muzidya iye akuona. Ana amatengera kwambiri, chimene chikulowa mkamwa mwa amayi ake ndi chimene amachifuna, ambiri amayamba kudya chifukwa cholanda za mmbale ya wamkulu. Mubweretse supuni pafupi ndi milomo nkudikira. Akatsegula mupatseni, akatembenuka dikirani pang'ono muyesenso, akakana kawiri katatu chotsani mbale mwamtendere nkhope yanu isasinthe, muzayesanso madzulo. Mphindi 15 kapena 20 zakwana, zomathamangitsana ndi supuni ola lathunthu zimangotopetsa nonse awiri.

Chinanso mumulole agwire. Ndikudziwa zimadetsa zovala ndipo chakudya chogwa pansi chimapweteka mtima, koma mwana amayamba kudziwa chakudya ndi zala asanachidziwe ndi pakamwa. Muikireni pang'ono patsogolo pake afinye, apake kumaso, anyambite zala, kumeneko nkudya komwe kwa msinkhu wake. Alipo ana ambiri amene supuni ya wamkulu amadana nayo koma mukawapatsa chogwira mmanja amadya bwinobwino. Mumudulire nthochi yakupsa, peyala, mbatata kapena karoti wophika mpaka kufewa, zidutswa zazitali ngati chala chanu kuti akafumbata kwina kuzitulukira, ndipo zikhale zofewa zoti mukafinya ndi zala ziwiri zikuphwanyika. Mano asakudetseni nkhawa, nkhama zimatafuna. Mungathenso kumupatsa supuni yake agwire inu muli ndi yanu. Chachikulu musamusiye yekha ndi chakudya olo mphindi imodzi, ndipo manja ake ndi anu akhale osamba ndi sopo.

Akakana chinthu lero musati ndiye kuti sachikonda. Ofufuza za kadyedwe ka ana anapeza kuti mwana angafunike kulawa chakudya chatsopano maulendo 8, 10 kapena kuposa asanachilandire, makamaka masamba poti amawawirako, pamene mkaka umene wauzolowera ndi wotsekemera. Kukwinya nkhope kuja nthawi zambiri nkudabwa chabe. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo pankhani iyi ndaona ndi ana anga omwe kuti nzoona, wina anakhala masabata angapo akungonyambita kenako tsiku lina anangoyamba yekha kutsegula pakamwa ngati kambalame.

Poti mukufunitsitsa adye, chiyeso chimabwera chothira shuga wambiri kapena uchi kuti akopeke. Uchi ndiye ayi ndithu mpaka atakwanitsa chaka chimodzi, umatha kukhala ndi tizilombo toyambitsa matenda otchedwa botulism amene amafooketsa thupi la khanda mpaka kulephera kupuma. Shuga ndi mchere musathire, impso zake zikadali zanthete pa mchere, ndipo mukamuzoloweza zotsekemera pano mudzavutika naye kutsogolo. Ngati mukufuna kutsekemera kanyirani nthochi, kapena mufinyiremo mkaka wanu womwewo mu phala mukaliphula, fungo lodziwika lija limathandiza ana ena kulandira.

Za kuyamwa ka 5 usiku, pa miyezi 8 ana ambiri amadzukabe, koma nzoona kuti mwana woyamwa usiku wonse mmawa amadzuka wokhuta. Musamuletse mwadzidzidzi. Ingoyesani kuti chakudya choyamba musamupatse atangodzuka kumene, dikirani papite kanthawi, ndipo akayamba kudya bwino masana usiku muona akuchepetsa yekha.

Pomaliza pa kalata yanu ndikuuzeni zizindikiro zoti mukaziona musadikire tsiku la sikelo, pitani kuchipatala. Thupi laima kapena latsika pa sikelo, zikhatho ndi mkati mwa zikope mwayera, mapazi atupa, wafooka sakusewera, akukana ndi bere lomwe, matewera akuuma nthawi yaitali, akutsegula mmimba kapena kusanza pafupipafupi, amatsokomola kapena kutsamwa nthawi iliyonse akameza, mkamwa muli zoyerayera kapena zilonda. Komanso akafika miyezi 9 kapena 10 asakumeza kalikonse olo mwayesa zonsezi, kapena sakutha kukhala, kawauzeni anesi kapena adokotala amuone mkamwa ndi mmene akumezera, muwapemphenso amuyeze magazi. Mukamupatsa dzira kapena mtedza koyamba muyambe ndi pang'ono masana mukumuona, akatuluka zidzolo, kutupa milomo kapena kubanika thamangani naye kuchipatala.

Azakhali, ine ndi bambo. Mwana wathu wamwamuna ali ndi chaka ndi miyezi 3. Kale ankadya chilichonse koma pano wangosintha, amadya masupuni awiri nkutsika kukasewera. Mayi ake amamutsatira ndi mbale nyumba yonse, nthawi zina timamuikira katuni pafoni nde amadya osadziwa. Chomwe amakonda ndi mkaka wa mbotolo, amamwa mabotolo mwina 5 pa tsiku, ndi juwisi komanso mabisiketi. Timamupatsa poti bola mmimba mulowe kanthu. Kodi tigule mankhwala opatsa chilakolako?
Bambo wodandaula

Bambo, zikomo kuti mwalemba nokha, nkhani ya kudya kwa mwana si ya amayi okha. Yankho la funso lanu lili mukalata yanu momwemo, mabotolo 5 a mkaka kuphatikiza juwisi ndi mabisiketi, mwanayo njala aimva nthawi yanji? Mwana woposa chaka amene sakuyamwa, mkaka wokwana pafupifupi 500 ml pa tsiku ndi wokwanira, ndiye kuti makapu awiri. Ukapitirira pamenepo umatseka malo a chakudya, ndipo mkaka wa ng'ombe uli ndi ayironi wochepa, ana omwa mkaka wambiri chonchi ndi amene amapezeka ochepa magazi thupi lili lonenepa bwinobwino. Muchepetse botolo limodzi limodzi pa masiku angapo, mkakawo muzimupatsa mkapu akatha kudya osati asanadye, botolo lizipita ndithu poti pa msinkhu uwu limawononganso mano makamaka akamagona nalo. Juwisi musiyiretu, ludzu ndi madzi, chipatso adye chenichenicho. Masiku awiri atatu oyamba alira, konzekani, ndipo inu ndi mayi ake mugwirizane chimodzi chifukwa wina akamakana wina nkumapereka mobisa palibe chisinthe.

Dziwaninso kuti kuchepa kwa chilakolako pa msinkhu uwu nkwachibadwa. Chaka choyamba mwana amakula mothamanga, pofika miyezi 12 ambiri kulemera kwawo kumakhala kutachulukitsa katatu poyerekeza ndi tsiku lobadwa, koma chaka chachiwiri chonse amangowonjezera makilogalamu awiri kapena kuposerako pang'ono. Thupi silikufuna zambiri ngati kale, komanso wayamba kuyenda, dziko lamukomera kuposa mbale, nkuyambanso kudziwa kuti atha kukana. Musamuyeze ndi chakudya chimodzi, muone zimene wadya sabata yonse, lero adya ngati mbalame mawa adzakudabwitsani.

Katswiri wina wa kadyedwe wa ku America, Ellyn Satter, anagawa ntchitoyi mwanjira imene ine ndimagwirizana nayo kwambiri, kholo ndi limene limasankha chakudya, nthawi ndi malo odyera, mwana ndi amene amasankha ngati adye komanso kuchuluka kwake. Ndiye ikani nthawi, chakudya katatu kapena kanayi pa tsiku ndi kachakudya kopepuka kamodzi kapena kawiri pakati, akhale pansi pamodzi ndi inu, adye zomwe banja likudya zodulidwa bwino. Akatsika ndiye kuti wamaliza, mbale isamutsatire, adikire nthawi yotsatira. Foni ija ichoke, mwana wodya maso ali pa katuni samva kuti wakhuta kapena ayi ndipo saphunzira kudya, tsiku lopanda foni sadya. Mankhwala opatsa chilakolako musagule mwa inu nokha, ena amangogonetsa mwana ndipo sachotsa chimene chayambitsa vutolo. Mupite naye akamuyeze thupi ndi magazi, ngati pakufunika mankhwala a ayironi kapena a njoka za mmimba akuuzani komweko.

Azakhali, wanga ali ndi miyezi 10, amadya phala losalala lokhalokha. Ndikangomupatsa chokhala ndi timibulu amachita ngati akusanza, maso kufiira, nde ine ndimaopa kuti atsamwa ndinasiya. Ndidikire mano amere onse?
Mayi wamantha

Musadikire mano achemwali, mano akumbuyo otafunira amamera mwana atapitirira chaka, ndipo ana amene achedwa kwambiri kuyamba za timibulu, kupitirira miyezi 9 kapena 10, amakonda kudzavuta pakudya akamakula. Zimene mukuonazo zikumveka ngati kukhosi kukungobweza chakudya, komwe ndi njira imene thupi limadzitetezera. Kwa khanda malo amene amayambitsa kubwezako ali chakutsogolo kwa lilime, amasunthira kumbuyo akamakula komanso akamazolowera. Kusiyanitsa kwake nkumeneku, mwana amene akungobweza amachita phokoso, amatsokomola, nkhope imafiira, lilime limatuluka, kenako amalavula nkupitiriza. Ameneyo musamupisire chala mkamwa, mutha kukankhira chakudyacho mkati, ingokhalani phee mukumuyang'ana. Wotsamwa zenizeni amakhala chete, satha kulira kapena kutsokomola, akulephera kupuma, milomo imasintha mtundu. Zikatero kuwani anthu akuthandizeni kupeza thandizo la chipatala, inu mumugoneke chafufumimba pamkono panu mutu uli chakumunsi mutagwira chibwano, mumumenye ndi chikhatho pakati pa mapewa mpaka ka 5, chikapanda kutuluka mumutembenuze chagada nkukanikiza pakati pa chifuwa ndi zala ziwiri mpaka ka 5, muzisinthasintha choncho. Ulendo wotsatira wa sikelo muwapemphe anesi akuonetseni ndi manja mmene amachitira, aliyense wosamala mwanayo aone nawo.

Muyambe pang'onopang'ono, phala lomwe amalikondalo mulikhuthalitse, kenako nthochi kapena mbatata muzikanya ndi foloko mmalo mosefa, timibulu tikhale tofewa ndipo chakudya chonse chikhale chofanana, chifukwa chimene chimawavuta kwambiri ana ndi chamadzimadzi chokhala ndi chibulu chimodzi chobisala. Mumupatsenso zogwira mmanja zofewa, ambiri amabweza pang'ono akamadziika okha mkamwa kusiyana ndi pa supuni. Mtedza wathunthu, chimanga chokazinga, masiwiti olimba, karoti kapena apozi wosaphika ndi mphesa zosadula zikhale kutali, mphesa muzidula mulitali panayi. Mukayesa masabata atatu kapena anayi nkuona kuti akubwezabe chilichonse mpaka kusanza, kapena amatsokomola ngakhale akamamwa madzi, mupite naye akamuone adokotala ndipo munyamule kachakudya kuti aone okha mmene akumezera.